Seva ya mafoni ikayamba kufunsa kwa anzake

M'mwezi wa February 1878, kampani ya mafoni ya mumzinda wa New Haven ku America idatulutsa mndandanda woyamba wa anthu okhala ndi foni. Udali wa pepala limodzi lokha, mayina pafupifupi 50: madokotala, masitolo, ogulitsa nyama ndi nsomba, apolisi. Nambala padalibe ngakhale imodzi. Wofuna kulankhula ndi mnzake ankatchula dzina kwa wolumikiza mafoni, ndipo iyeyo ndiye ankadziwa waya wa munthu aliyense.

Wolumikiza uja makina adamulanda malo kalekale, koma ntchito yake ikadalipo. Foni isanalire pa desiki ya munthu, pamafunika wina woyankha mafunso atatu: akuimbayu ndani, akufuna yani, nanga ali ndi chilolezo choimba kumeneko? M'mabanki, m'mayunivesite ndi m'mabungwe ambiri lero, woyankha mafunsowa ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene akatswiri amaitcha seva ya mafoni. Nkhani yagona pa komwe sevayo imatenga mayankho ake. Ikhoza kumasunga yokha mayina onse, kapena kumakafunsa kumene mayinawo akusungidwa kale. Njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru, koma ili ndi mtengo wake umene ambiri amauona mochedwa.

Bokosi lidasanduka pulogalamu

Mu 1999, Mark Spencer, yemwe adali ndi kampani yaing'ono yothandiza ogwiritsa ntchito Linux ku Alabama, adafuna makina olumikiza mafoni a mu ofesi yake. Mtengo wake udamuthawitsa. Adakhala pansi n'kulemba pulogalamu yakeyake yogwira ntchito yomweyo pa kompyuta wamba, naitcha Asterisk, ndipo adaipereka mwaulere kuti aliyense aitenge ndi kuisintha mmene angafunire. Kampani yake idadzatchedwa Digium, ndipo mu 2018 idagulidwa ndi Sangoma ya ku Canada.

Ku Berlin nako, akatswiri a pa malo ofufuzira a Fraunhofer FOKUS adayamba mu 2001 kulemba SIP Express Router. Mu 2005 ena mwa iwo adapatuka n'kuyambitsa OpenSER, imene mu 2008 idabala awiri: Kamailio ndi OpenSIPS. Mu 2006 Anthony Minessale, amene adagwirapo ntchito pa Asterisk, adalengeza FreeSWITCH. Mayina amenewa ndiwo mungawamve mukalowa m'chipinda chozizira chija momwe mumakhala makompyuta a bungwe.

Onsewa amamvana ndi mafoni kudzera mu SIP, ndondomeko imene idasindikizidwa koyamba mu 1999 n'kukonzedwanso mu 2002 m'chikalata chotchedwa RFC 3261. Mauthenga a SIP ndi malemba wamba oti munthu angathe kuwerenga. Foni ikayaka imatumiza REGISTER, kudziwitsa seva komwe ili. Ikafuna kuimba imatumiza INVITE, ikamaliza BYE. Mawu enieni a anthu awiriwo amayenda padera, kudzera mu ndondomeko ina yotchedwa RTP.

Chimene chidachititsa kuti mapulogalamuwa afale ndi kamangidwe kake. Thunthu lake ndi laling'ono. Zina zonse zimabwera m'zigawo zolumikiza zotchedwa module, zomwe woyang'anira seva amayatsa akazifuna. Kamailio yokha ili ndi ma module oposa 200. Pakati pa onsewo pali mitundu iwiri imene imasinthiratu khalidwe la seva: yofunsa ku kaundula wa antchito, ndi yofunsa ku mapulogalamu a pa intaneti.

Vuto la mindandanda iwiri

Seva yongoikidwa kumene imasunga anthu ake m'fayilo: nambala 101 ndi ya uje, pasiwedi yake ndi yakuti. Pa ofesi ya anthu 15 palibe chovuta. Koma tiyerekeze bungwe la anthu 400, likulu ku Lilongwe, nthambi ku Mzuzu, Zomba ndi Mangochi. Mwezi uliwonse wina akulembedwa ntchito, wina akusamutsidwa, wina akupuma. A ofesi yoona za antchito ali ndi mndandanda wawo, a imelo ali ndi wawo, a mafoni alinso ndi wawo. Posakhalitsa mindandandayo imasiyana. Munthu amene adachoka chaka chatha imelo yake idatsekedwa, koma nambala yake ya foni ikadali moyo, ndipo ikhoza kuimba kunja kwa dziko pa bilu ya bungwe.

Mankhwala a vutoli adapezeka kale mafoni a pa intaneti asanafale. Mu 1988 kudatuluka ndondomeko ya X.500 yosungira mayina a anthu m'kaundula mmodzi, koma idali yolemera kwa makompyuta a nthawiyo. Mu 1993 Tim Howes wa pa University of Michigan, pamodzi ndi Steve Kille ndi Wengyik Yeong, adatulutsa njira yopepuka yofunsira kaundulayo, yotchedwa LDAP. Lero OpenLDAP, imene Kurt Zeilenga adayamba mu 1998, komanso Active Directory ya Microsoft, imene idabwera ndi Windows 2000, zonse zimayankha mafunso a LDAP. Ngati pa ntchito panu mumalowa pa kompyuta iliyonse ya bungwe ndi dzina ndi pasiwedi yomweyomweyo, ndiye kuti kaundula wotere alipo kale.

M'kaundulamo munthu aliyense ali ndi malo ake okhala ndi timizere todziwika: cn ndi dzina lonse, mail ndi imelo, telephoneNumber ndi nambala, ou ndi dipatimenti. Woyang'anira akayatsa res_config_ldap mu Asterisk, kapena module ya ldap mu Kamailio, amaiuza adiresi ya kaundula, nthambi yoyambira kufufuza, ndi mzere umene ukuimira nambala ya foni. Kuyambira pamenepo seva imaleka kudalira fayilo yake. Wina akaimba 214, imafunsa kaundula kuti nambalayi ndi ya yani. Wina akafuna kuimba ku Lusaka, imafunsa ngati ali m'gulu la ololedwa kuimba kunja. Mafoni ambiri a pa desiki, monga a Yealink ndi Grandstream, amathanso kufunsa kaundula yemweyo mwachindunji, kotero kuti munthu amangolemba zilembo zitatu za dzina la mnzake, nambala n'kutulukira pa galasi.

Pamene pamakodwa ambiri

Bwana akamva zimenezi amafulumira kunena kuti basi, pasiwedi ikhale imodzi, ya kompyuta ndi ya foni. Apa ndiye pamene ntchito imaima.

Mukamalowa pa imelo, mumatumiza pasiwedi yanu yeniyeni m'njira yobisika, seva n'kukaiyesa ku kaundula ngati ikutsegula. Foni ya SIP simachita choncho. Pasiwedi siitumiza konse. Ikatumiza REGISTER yoyamba, seva imaikana ndi yankho la 401, n'kuipatsa chiwerengero chachisawawa chogwira ntchito kwa kanthawi kochepa. Foni imatenga dzina la mwini wake, dzina la dera la sevayo ndi pasiwedi, n'kuzipera pamodzi ndi masamu otchedwa MD5. Zotulukazo imazisakaniza ndi chiwerengero chija n'kuziperanso, ndipo ndi zimenezo zomwe imabweza. Masamuwa ali ngati chigayo: chimanga chikalowa chimatuluka ufa, ndipo ufa sungaubwezere kukhala chimanga. Kuti seva itsimikize, iyenera kupera zomwezo payokha n'kufananiza. Ndiye kuti iyenera kukhala ndi pasiwedi yeniyeniyo, kapena zotuluka pa kupera koyamba kuja, zimene akatswiri amazitcha HA1.

Kaundula wosamalidwa bwino alibe zonse ziwirizi zoti angapereke. OpenLDAP kawirikawiri imasunga pasiwedi itaperedwa kale mwa njira ina yosagwirizana ndi ya SIP, pomwe Active Directory sipereka pasiwedi kwa wofunsa aliyense. Akatswiri a bungwe la ITU adaliona vutoli, ndipo mu 2003 adavomereza ndondomeko ya H.350 yofotokoza mmene zinthu za mafoni ndi misonkhano ya pa kanema zingasungidwire m'kaundula wa LDAP, kuphatikizapo mzere wapadera wa chinsinsi cha SIP. Kamailio ili ndi module ya dzina lomwelo.

Mabungwe ambiri amathera pa njira yotereyi: foni imapatsidwa chinsinsi chakechake, chachitali, chopangidwa ndi makina, chimene mwini foni sachidziwa n'komwe, ndipo foniyo imachitenga yokha ikamayaka. Chinsinsicho chimakhala m'kaundula pafupi ndi dzina la munthuyo, koma wololedwa kuchiwerenga ndi seva ya mafoni yokha. Ena amasankha kusunga HA1 poganiza kuti ndi yotetezeka, koma woiba HA1 akhoza kulowa nayo pa sevayo ngati kuti ali ndi pasiwedi yeniyeni. N'chifukwa chake msewu wa pakati pa seva ndi kaundula uyenera kukhala wobisika, kudzera pa khomo 636, kapena pa khomo 389 mutayatsa StartTLS. MD5 payokha idakalamba. Chikalata cha RFC 8760 cha mu 2020 chidalola kugwiritsa ntchito SHA-256 m'malo mwake, ngakhale mafoni akale ambiri saidziwa.

Kufunsa zimene kaundula sadziwa

Kaundula amadziwa antchito ndi maudindo awo, zinthu zosasintha tsiku ndi tsiku. Sadziwa kuti namwino ali pa ntchito usiku uno ndani, kapena kuti membala amene akuimbayu ngongole yake ili pati. Zimenezi zimakhala m'mapulogalamu ena a bungwe, ndipo ambiri mwa iwo amayankha mafunso kudzera mu HTTP, njira yomwe ija imene foni yanu imatsegulira masamba a pa intaneti.

Ma module a mtunduwu ambiri adamangidwa pa curl, chida chimene Daniel Stenberg wa ku Sweden adachitulutsa ndi dzinali mu 1998. Mu Asterisk muli lamulo la CURL loti lingaikidwe pakati pa ndondomeko ya kayendedwe ka foni, ndipo kuyambira Asterisk 12 ya mu 2013 muli ARI, imene imalola pulogalamu ya kunja kuyendetsa foni yonse: kuyankha, kuseweretsa uthenga, kulumikiza anthu awiri, kudula. FreeSWITCH idapita patali ndi mod_xml_curl. Mukaiyatsa, seva ikafuna kudziwa za munthu kapena kolowera foni, imatumiza funso ku adiresi ya pa intaneti imene mwaipatsa, ndipo yankho limabwera m'malemba a XML. Tsambalo likayankha kuti silikudziwa, seva imabwerera ku mafayilo ake. Ubwino wake ndi wakuti wolemba mapulogalamu a mawebusaiti, ngakhale sadziwa zambiri za mafoni, akhoza kulamula mafoni a bungwe lonse.

Tiyerekeze SACCO. Membala akuimba kuchokera ku Dedza. Foni isanalire paliponse, seva yatumiza kale nambala yake ku pulogalamu ya mamembala, yalandira yankho lakuti munthuyu fomu yake ya ngongole ili kwa ofisala wakuti, yafunsa kaundula nambala ya ofisalayo, n'kuliza foni ya pa desiki yake. Ofisala ponyamula foni, fayilo ya membalayo yatseguka kale pa kompyuta yake. Sipakhalanso zija zoti dikirani ndikupatseni wina, winayo n'kukupatsaninso wina, mayunitsi akutha.

Chimene chimagwetsa dongosolo lokongolali kawirikawiri ndi kanthu kakang'ono. Nambala yomweyo kalaliki wina adailemba kuyambira ndi 0999, wina ndi +265999, wina adaika mipata pakati, pomwe kampani ya mafoni ikuitumiza kuyambira ndi 265 popanda chizindikiro kutsogolo. Kwa munthu ndi nambala imodzi, koma kompyuta imaona zinayi. Ntchito yoyamba isanayambe ina iliyonse ndi kukonza manambala onse kuti akhale m'kalembedwe kamodzi, ka E.164, koyamba ndi nambala ya dziko: 265 ya Malawi, 260 ya Zambia, 258 ya Mozambique. Chinanso n'chakuti nambala yooneka pa galasi ikhoza kunamizidwa. Ndi yokwanira posankha ofisala woti ayankhe, koma siyokwanira pouza munthu ndalama zimene zili mu akaunti. Pamenepo payenera kufunsidwa nambala yachinsinsi.

Kuno kum'mwera kwa Africa nzeru imeneyi si yachilendo. Ku Harare, bungwe la Kubatana lidapambana mphoto ya Knight News Challenge mu 2008 ndi ganizo la Freedom Fone, imene idamangidwa pa FreeSWITCH. Bungwe linkaika mauthenga a mawu kudzera pa tsamba la pa kompyuta, anthu n'kumawamvera poimba ndi foni wamba ya m'manja, yopanda intaneti. Kuno kwathu, Chipatala cha pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011, chidaonetsa kuti kwa anthu ambiri akumudzi khomo lofikirika msanga ndi kuimba foni. Ntchito iliyonse ya mtundu umenewu imapindula pamene woyankha akudziwa kuti woimbayo adaimbapo kale, ndiponso zimene adauzidwa ulendo watha.

Yankho likachedwa

Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma wofunsa naye amayenera kudikira yankho, ndipo foni sidziwa kudikira. Mwa malamulo a SIP, foni ikatumiza INVITE kudzera m'njira yotchedwa UDP osamva kanthu, imatumizanso pakatha theka la sekondi, kenako pakatha sekondi imodzi, kenako awiri, mpaka itagwa ulesi pa masekondi 32. Munthu ndiye safika n'komwe pamenepo. Akamva zii kwa masekondi ochepa amadula n'kuyesanso.

Mkati mwa seva zinthu zimaipa mofulumira kuposa apo. Kamailio imagwira ntchito ndi timagulu towerengeka ta mapulogalamu olandira mauthenga, kawirikawiri 8 pa khomo lililonse la UDP ngati woyang'anira sadasinthe. Kamodzi kakatumiza funso ku webusaiti yochedwa, kamaima n'kumadikira. Mafunso 8 otere akakumana, seva yonse yaima, ngakhale kwa anthu amene amangofuna kuimbira mnzawo wa chipinda choyandikana. N'chifukwa chake pali ma module awiri: http_client imene imadikira, ndi http_async_client imene imaika foniyo pambali n'kupitiriza ntchito zina mpaka yankho litafika.

Kwa ife amene timadziwa kuthimathima kwa magetsi, nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene magetsi angobwera. Mafoni onse a m'nyumbamo amayaka nthawi imodzi, iliyonse n'kutumiza REGISTER, kukanidwa, n'kutumizanso. Seva ya mafoni imadzuka msanga, koma kompyuta ya kaundula nthawi zina imatenga mphindi zingapo. Ngati kaundulayo ali ku likulu ndipo waya wa intaneti wa ku nthambi waduka, anthu awiri okhala m'chipinda chimodzi ku Mangochi amalephera kuimbirana chifukwa cha kompyuta ya ku Lilongwe.

Zodzitetezera n'zodziwika. Funso lililonse lipatsidwe malire a sekondi imodzi kapena awiri. Mayankho asungidwe kwa kanthawi kuti seva isafunse chomwecho kambirimbiri. Nthambi iliyonse ikhale ndi kope lake la kaundula, limene OpenLDAP imatha kulisamalira yokha kudzera mu syncrepl. Pakhalenso ndondomeko yolembedweratu ya zoti zichitike yankho likapanda kubwera: foni yochokera kunja ipite kwa wolandira alendo, yopita kunja kwa dziko ikanidwe, ndipo nambala za apolisi, ambulansi ndi ozimitsa moto zidutse popanda kufunsa wina aliyense. Komabe kusunga mayankho kuli ndi mbali yake ina. Mukawasunga kwa tsiku lathunthu, munthu wochotsedwa ntchito m'mawa adzakhala akuimbabe mpaka mawa. Kutalika kwa nthawiyo si nkhani ya katswiri yekha. Oyang'anira bungwe ayenera kuidziwa ndi kuivomereza.

Makomo atsopano, akuba akale

Seva iliyonse ya SIP yoonekera pa intaneti imayamba kugogodedwa pa khomo 5060 pasanapite nthawi. Woyang'anira akatsegula buku la zochitika pa sevayo amapezamo mizere yambirimbiri yokhala ndi dzina lakuti friendly-scanner. Ndi chizindikiro cha SIPVicious, chida chimene Sandro Gauci adachipanga kuti akatswiri aziyesera chitetezo cha ma seva awo, koma akuba nawo adachitola. Amayesa nambala 100, 101, 102, ndi mapasiwedi onga 1234. Akalowa amadikira Lachisanu madzulo, n'kuyamba kuimba ku manambala odula a kunja amene iwo eni amalandirako gawo la ndalama. Bungwe limadzazindikira bilu itabwera.

Kaundula mmodzi amachepetsa ngoziyi, chifukwa nambala za anthu ochoka zimafa pamodzi ndi maakaunti awo, ndipo chilolezo choimba kunja chimakhala ndi owerengeka. Zida ngati fail2ban zimatsekera kunja adiresi imene yalephera kulowa kangapo. Koma module iliyonse yowonjezera ndi khomo linanso. Dzina ndi nambala ya woimba zimalembedwa ndi woimbayo. Zikalowetsedwa m'funso la LDAP kapena la HTTP zisanasefedwe, munthu wochenjera akhoza kubisamo lamulo lakelake. Akaunti imene seva imalowera m'kaundula iyenera kuloledwa kuwerenga timizere tochepa tokha, osati kulemba, osatinso kuona malipiro kapena nambala za ziphaso za antchito.

Lamulo nalo lafika. Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la mu 2024, ndipo MACRA ndiyo idapatsidwa udindo wolilondoloza. Seva imene ikutumiza nambala ya membala ku pulogalamu ina, kusunga yemwe adaimbira yani ndi nthawi yake, kapena kujambula zokambirana, ikugwira mbiri za anthu. Ngati pulogalamu yofunsidwayo ili pa makompyuta a kunja kwa dziko, bungwe liyenera kudziwa kuti manambala a anthu ake akuoloka malire pa foni iliyonse.

Kaundula ndi wa yani?

Kuyatsa ma module a LDAP ndi a HTTP si ntchito yotenga miyezi kwa katswiri wodziwa. Chimene chimatenga nthawi ndi kugwirizana kuti mwini kaundula ndani. Kale, kalata yoti wakuti wachoka ntchito ikachedwa pa desiki ya kalaliki kwa milungu iwiri, chinali chinthu chongodandaulitsa. Seva ikayamba kufunsa kaundula, kalatayo ndiyo imadula foni, ndipo kuchedwa kwake ndi mpata wa akuba. Dipatimenti ikalembedwa molakwika, mafoni a makasitomala amalira pa desiki yolakwika. Udindo umene udali m'manja mwa anyamata a makompyuta wasamukira ku ofesi yoona za antchito, ndipo kawirikawiri palibe amene adawauza.

Bungwe limene likulandira ntchito yotere kwa kontrakitala lisakhutire ndi kumva foni ikulira. Litseke akaunti imodzi m'kaundula, liwerenge mphindi zimene zidutse foni ya munthuyo isanaleke kuimba. Kenako lizule waya wa kompyuta ya kaundula ndi wa intaneti, masana anthu ali pa ntchito, liyese kuimba ku chipinda china, kwa wolandira alendo ndi ku nambala ya ambulansi. Ngati zitatuzi sizikudutsa, cheke chomaliza chisasainidwe.